Musakagwade, Mami

Chaka chimene mwana wanga wamkazi analowa yunivesite ku Nairobi, m'nyumba mwathu munalowanso kaseti ya filimu ina yoseketsa. Mwanayo ankati anthu anaitamanda kwambiri ngakhale kuti oipangawo sanali otchuka. Ine sindinaonemo chodabwitsa: ana a mpondamatiki atavala masuti ndi magauni, kungokhala pa sofa n'kumalongolola, mnyamata kulephera kuuza mtsikana kuti ndakukonda. Koma ndikaweruka ku ofesi ku Upper Hill, mu Nairobi momwemo, ndinkamupeza akuseka yekha, kwinaku akuyeserera mmene atsikana a m'filimumo ankagwirira tambula. Ndinati mumtima, apa pali nkhani.

Nkhaniyo inali mnyamata wa ku Kenya komweko, wa kubanja loti galimoto iliyonse ili ndi dalaivala wake. Makolo ake anatiitana kuphwando. Tili mu takisi, mwana uja anandigwira dzanja.

"Mami, please, musakagwade. Kumeneko sagwada. Mukangopereka mkono basi, sawa? Mwamva?"

Zinandiwawa, ndisaname. Mwanayu ndinamulera ndekha bambo ake atamwalira, ndiye ndinaopa kuti wayamba kuchita nane manyazi. Komabe ndinamvera. Ndinapereka moni kwa bambo a mnyamatayo, munthu wa imvi mbuu, ndili chilili ngati polo ya magetsi, maondo akundiyabwa. Kenako anandikhazika pampando wapakona.

Patapita nthawi mwana wanga anabwera ndi mnyamata uja kuti adzamuonetse kwa ine. Ine ndili pampando, mwana wangayo ataimirira. Chibadwire anali asanandiuzepo nkhani yaikulu ali chiimire. Ndinangoona gauni lake lalitali likupindika, mwana wagwada pa kapeti, alendo onse akuona.

"Amayi, uyu ndi mnzanga uja ndinkakuuzani."

Mnyamata anasowa chochita. Anayang'ana makolo ake, n'kuyang'ana ine, kenako anakoka thalauza n'kunjuta pambali pake, tambula ili m'manja. Zinkaoneka kuti chiyambire sananjutepo, moti anatsala pang'ono kugwa chagada. Atsikana ena anaseka mobisa.

Mwana wanga anamva kusekako, koma sanatembenuke ndipo sanadzuke. Anadikira, manja ali pamaondo, kuti ndimufunse mnyamatayo za kwawo. Ndinanyadira kwambiri tsiku limenelo. Mafunso ndinawatalikitsa dala, mpaka ndinafunsa ndi za azakhali ake omwe, kuti aliyense m'chipindamo aone bwino mwana amene ndinalera.