Mpanda wa Bambo ku Nchilamwela

Bambo anali mlonda pa fakitale ya tiyi, ndipo bwana wina wachizungu pobwerera kwawo anawasiyira buku la zithunzi. Linali lonena za linga lamiyala la m'mphepete mwa nyanja, lomangidwa kalekale ndi azungu otchedwa Anormani. Chingerezi bambo sankachidziwa, choncho wowerenga ndinali ine, Lamulungu lililonse, mpaka kukhosi kuuma.

Za mafumu analibe nazo ntchito. Ankangofuna za nkhondo: adani anabwera kangati ndi zombo, anagenda khoma ndi chiyani, alonda ankaima pati. "Bwereza pamenepo, mwanawe. Ndiye analephera kulowa?" Zinkanditopetsa, ndisaname.

Mayi atamwalira, bambo anasowa mtendere. Anali mkamwini wochokera ku Mphuka, ndipo malo amene tinkakhala ku Nchilamwela anali akuchikazi. Kuno ku Thyolo tiyi anadya minda, moti kamalo kongokwana mphasa anthu amakanganirana. Bambo ankadziwa kuti tsiku losudzula likubwera, loti abale a mayi anene ngati akhale kapena abwerere kwawo. Sanafunse munthu. Anaumba njerwa, n'kuwotcha, n'kuyamba kuzinga nyumba ndi mpanda wautali kuposa munthu, pamwamba n'kuzika mabotolo osweka. Njira imene mayi aang'ono ankadzera popita kumjigo inatsekeka. Ine mtima unali m'mwamba, pakhomo sindinkakhazikika, koma njerwazo ndinkawapatsira ndithu. Mpaka lero zimandiwawa kuti sindinanene kanthu.

Tsikulo litakwana, amalume, eni mbumba, anafika ndi akuluakulu awiri. Anagogoda pageti lachitsulo, anthu amene kale ankati odi ali pakhonde. Mipando anaikana.

"Alamu," anatero amalume, "ife tinagwirizana pamaliro pomwe paja kuti mukhale, mulere ana. Mlongo wathu munatisungira bwino. Koma miyezi yonseyi takhala tikuona khoma likukwera. Mukutchinga ndani? Akuba, kapena ife?"

Amalume anayang'ana mpanda uja, n'kupitiriza.

"Munthu wotiopa chonchi sitingakhale naye. Muyende bwino, alamu."

Ananyamuka Loweruka lotsatira ndi chikwama chimodzi. Ndinawaperekeza kudutsa m'minda ya tiyi mpaka kumsewu. Kwawoko anali atachokako asanamere ndevu, ndipo makolo awo onse anali kumanda. Minibasi itaima, anandigwira mkono n'kufunsa motsitsa mawu, kuti kondakitala asamve: "Kodi wopita ku Mphuka masiku ano amatsikira pati?"