Maliro a Buku la Chihebri

Apongozi anga atamwalira, alamu anga anagawana ng'ombe, ine mkamwini anandiponyera buku poti ndinali mphunzitsi. Malemuwo anali mlaliki, ndipo bukulo anawasiyira mzungu wina wa kumishoni pobwerera kwawo. Linali la mapemphero a Ayuda, m'Chihebri. Chikuto chake chinali cha matabwa okutidwa ndi chikopa, ndipo linkayambira kumene mabuku ena onse amathera, poti Chihebri amachiwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Zilembo zake zinali zakuda bii, zodindidwa mwamphamvu moti ukayendetsapo chala unkamva timaenje. Mzunguyo anati linali la m'gulu loyamba kusindikizidwa, ndipo analisindikiza ndi anthu amene ankapirikitsidwa dziko ndi dziko atasenza zilembo zawo zachitsulo m'matumba. Za ukalamba wake ndiye ndikuikira umboni ndekha: njenjete imene ndinaipeza mkati inali ndi imvi.

Chaka chimenecho achinyamata a chipani ankalowa nyumba ndi nyumba kufuna makalata a zigawenga. Mphunzitsi mnzanga anamupeza ndi kapepala kochokera kunja, anakwezedwa galimoto, ndipo palibe anafunsa kumene anapita. Ine ndinali ndi buku lathunthu limene sindikanatha kufotokoza ngakhale chilembo chimodzi.

Kuliwotcha sindikanatha. Apongozi ankati Ayuda satentha buku lopatulika, amaliika m'manda ngati munthu. Choncho Loweruka masana, anthu ali m'zigafa kusoka fodya, ndinalikulunga m'nsalu yoyera ndi kamphasa, n'kukalikwirira patsinde pa msuku, kuphiri la kuseri kwa sukulu yathu, kufupi ndi ku Chezi. Ndinaiwala kuti kwathu kuno mwala uliwonse uli ndi maso ndi mlamu wake m'chipani.

Lolemba m'mawa a tcheyamani a nthambi anafika pakhomo la kalasi ndi anyamata anayi ndi khasu.

"Aphunzitsi, Loweruka munakwirira chiyani kuphiri?"

"Buku, a tcheyamani."

"Buku? Mwayamba kubzala mabuku? Tiyeni tikaone ngati lamera."

Tinakwera phiri, ine pakati. Wamtali mwa anyamatawo anakumba, nafunyulula nsalu ija. A tcheyamani anatsegula bukulo kutsogolo, analizondotsa, analitsegula kumbuyo. Nkhope yawo inasintha.

"Izi si zilembo za anthu ofunira dziko zabwino. Werengani."

Apa panalibe pothawira. Ndikawerenga, ndiye kuti ndine mlembi wa zigawenga. Ndikati sindidziwa, adzafunsa chimene ndinabisira chinthu chosadziwa. Mawondo anga anagundana mpaka nkhanga zinauluka kutsidya kwa dambo, ndipo amene akukayika akafunse nkhangazo.

"Sinditha, bambo."

"Ndiye akakuwerengerani kuboma. Kumeneko aliko odziwa kuphunzitsa aphunzitsi."

Nthawi yomweyo mayi a kunyumba anatulukira, wefuwefu, mwana ali kumbuyo. Ataona dzenje, mphasa ndi nsalu yoyera ili mbee pansi, anaika manja kumutu.

"Mayo ine, bambo anga! Ndani wafukula?"

"Mayi, khalani chete, ili ndi buku," anatero a tcheyamani.

"Buku kwa inu! Bambo ankapemphera nalo pamutu pa odwala, inu nomwe anakupemphererani muli gone ndi chibayo. Eni ake amaliika ngati munthu, ife taliika ngati munthu. Iwe wamtali iwe, amako akudziwa kuti wayamba kufukula maliro dzuwa likuswa mtengo? Ukadya ndi ndani ndi manja amenewo?"

Wamtali uja anaponya khasu, nayamba kupukuta manja pa udzu. A tcheyamani anatambasula dzanja kupereka bukulo kwa anyamatawo.

"Tenga, tizipita."

Palibe anasuntha. Mmodzi anati dzanja lamuchita dzanzi, wina anati mkazi wake ndi woyembekezera. Wachinayi sanapereke chifukwa, anangobwerera chambuyo mpaka anakafika m'boma la Ntchisi.

A tcheyamani anatsala okha atalinyamula, ndipo ndinaona kuti layamba kuwalemera. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama, naliika pa nsalu ija ndi manja awiri.

"Chipani sichimanga maliro," anatero. "Wafukula akwirire. Koma aphunzitsi, likadzatulukanso, m'dzenjemu mudzalowa ndinu."

Wamtali uja anakwirira bwino kuposa adzukulu, mpaka anaikapo mwala kumutu.

Sindinapondekonso kuphiri kuja kwa zaka zambiri. Pakamwa pa anthu patamasuka, m'busa wina wophunzira anandiuza kuti mabuku otere atsala owerengeka padziko lonse, ndipo amasungidwa m'magalasi. Ndinatenga khasu n'kukwera phiri. Patsinde pa msuku paja ndinapeza chulu chondipitirira msinkhu. Buku limene linapulumuka moto ndi nyanja linathera m'mimba mwa chiswe cha ku Dowa. Sindinadandaule kwambiri, poti linalowa m'dzenje m'malo mwa ine. Koma chiswe cha pachulu chimenecho, ndikulumbira pali apongozi anga, mpaka lero chimayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere.