Neti Yanga ya Agulugufe

Ine sukulu ndinalekera Sabu B, kalasi yachiwiri, koma za ukwati wa agulugufe pano pa Katondwe palibe angandiphunzitse, ngakhale aticha. Ndinayamba ndi mbozi zimene zinkadya ndimu wanga. Ndinati m'malo mozipha, ndione mapeto ake. Ndinazika mitengo inayi, n'kufunditsa neti ya udzudzu pamwamba pa kandimu kakang'ono, mbozi m'kati. Zinadya, zinauma panthambi, ndipo munatuluka agulugufe akuda a mawanga achikasu.

Koma kukwatirana, ayi. Madzi a shuga ndinkawapatsa pakansalu, ankamwa bwino, n'kufa ali mbeta. Miyezi ndithu! Kenako ndinazindikira ndekha kuti wamwamuna amafuna dzuwa ndi malo okwanira kuti aziuluka mozungulira mkazi. Ndinakweza neti. Tsiku lina ndinawapeza awiri atagwirana kumichira, wina akuyang'ana ku Feira, wina ku Lusaka. Ndinaitana mudzi wonse. Mawa lake wamkazi anayamba kugogoda masamba anthete ndi miyendo, kusankha poikira mazira.

Asanaikire, ine ndinathamangira kumaliro panjinga. Pobwera ndinapeza mitengo inayi ili chilili. Neti kulibe. Dzira, ngakhale limodzi. Mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wachiwiri, waitenga kukakokera tinsomba kumtsinje wa Luangwa.

Tsono kwathu kuno mkamwini sumukalipira pamaso, mumachitirana manyazi. Ine, amene ndikaitana bwato amandimva kutsidya ku Zumbo! Mkamwiniyo atabwera anakhala kuseri kwa nkhokwe, ine ndinaima n'kulalatira mtengo.

“Iwe ndimu, ulibe pakamwa? Ndani wasasula nyumba eni ake ali paukwati? Anabadwira m'madzi munthu ameneyo?”

Iye anayankha kudzera mwa mkazi wake, chapansipansi. “Auzeni atate, ndimayesa angoyanika neti. Tizilombo tinalimo tiwiri chabe.”

“Atate, akuti...”

“Ndamva, sindine gonthi! Uwauze kuti anthu onse padziko anayamba awiri chabe! Iwo pamene anabwera kudzakukwatira munali angati?”

Mwana wangayo anaseka. Kuseka! Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawira.

Neti inabwezedwa yong'ambika, yonunkha, pamodzi ndi mbale ya tinsomba timene sindinatikhudze. Gulugufe wamkazi uja anachoka ndi mazira onse m'mimba. Ndinakhala pa ndimu masiku atatu, ndodo m'manja, kupirikitsa nkhuku, kuti mwina akumbuka masamba aja anasankha. Sanabwere.