Tsiku Lomwe Ndinapha Malita

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditalemba mayeso a fomu folo ndinkangokhala pamalo ometera a msuweni wanga pa boma pa Mwanza, kusesa tsitsi ndi kufotokozera makasitomala mafilimu omwe sanaonere. Pomwe ndaiwala ndinkangopeka. Tsiku lina a Magombo, omwe ankayang'anira mapologalamu pa kawailesi ka m'dera lathu, anandimvetsera akumetedwa. Atadzuka pampando anati, "Iwe, bodza lakoli likungotayika. Ubwere Loweruka."

Pologalamu yomwe anandiitanira anaitengera kwa azungu ena otchuka pa intaneti, omwe amakhala patebulo n'kumasewera nthano. Mmodzi amatsogolera, ndiye ndinali ineyo. Ndinkafotokoza dziko la m'nthanomo, mapiri ake, achifwamba ake, ndi mavuto omwe ali m'njira. Osewera atatu aliyense anali ndi munthu wake wolembedwa papepala: dzina, ntchito, mphamvu, katundu, ndi moyo womwe wamutsalira. Munthuyo akafuna kuchita chinthu chovuta, mwini wake ankaponya dayisi, kachidutswa ka mbali makumi awiri zolembedwa manambala. Ine ndinkanena nambala yofunika. Ikakwana wapambana, ikaperewera zake zada.

Pa wailesi dayisi silioneka. Choncho tinkaliponyera m'mbale yachitsulo yomwe inkakhala pansi pa maikolofoni yanga, kuti anthu amve likulira. Likaima, ine ndinkasuzumira n'kulengeza nambala. Tsiku loyamba lomwelo a Magombo anandigogodera mbaleyo n'kunena kuti, "Mawu akowo ndiwo maso a omvera. Usaiwale." Ndinavomera ndi mtima wonse, poti panthawiyo zinali zosavuta kuvomera.

Pologalamu inagwira moto. Loweruka masana akabaza ankaimika njinga kuunjirira wailesi imodzi, ndipo madalaivala odikira kuwoloka malire ankaimba foni kudzatsutsa ziweruzo zanga. Pa osewera atatuwo, awiri anali mphunzitsi ndi namwino, anthu obwera kudzagwira ntchito pa boma. Wachitatu anali a Zuze, bambo wachikulire wokonza njinga ku Thambani. Ankakwera matola m'mawa, atavala jekete lomwelomwelo, ndipo sanajombepo.

Munthu wawo anali Malita, mzamba woyenda ndi chikwama cha mankhwala. Anzawo akamathamangira nkhondo, iwo ankangoti, "Malita amange kaye bala la uyu." Ine ndinkawaseka kuti achedwetsa pologalamu. Tsiku lina tikusenda manachesi panja pa situdiyo anandiuza okha kuti Malita linali dzina la akazi awo, omwe anamwalira zaka zapitazo, ndipo nawonso anali mzamba. "Kunyumba ndilibe womutchulira dzinalo," anatero. "Kuno ndimalitchula Loweruka lililonse, anthu n'kumamva." Kuyambira tsikulo sindinawasekenso.

M'chaka chachiwiri kunabuka mphekesera yoti azungu aja asiya malamulo akale, atenga masewero atsopano a makhadi. Palibe ankadziwa zoona zake. Ena pa intaneti ankati asintha ndithu, ena ankati sangataye chinthu chomwe chinawatchukitsa. Koma a Magombo anali munthu woopa kutsalira. Sanadikire kuti zidziwike. Anaitanitsa bokosi la masewero atsopanowo kudzera kwa dalaivala wa thiraki wochokera ku Joni, n'kundipatsa kuti ndiwerenge.

Ndinawerenga masiku atatu, ndikusakasaka pomwe Malita angalowere. Panalibe. Anthu a m'masewero atsopanowo ankamangidwa ndi makhadi, ndipo makhadi onse anali a ankhondo ndi amatsenga. Ndinapita kwa a Magombo kukapempha kuti ndiwapangire a Zuze khadi lawolawo, ngakhale la katoni.

"Zosakaniza ayi," anatero. "Loweruka anthu onse atatu a m'nthanomo afe bwinobwino, anthu alire, sabata inayo tiyambe ndi atsopano. Ndipo usawauze. Ndikufuna chisoni chenicheni."

Ndinawafotokozera za akazi a Zuze. Anamvetsera ndithu, kenako anati, "Malita uja ndi pepala chabe, iwe. Ngati zikukuvuta unene, anyamata olongolola ndi ambiri ku depoti." Ndinatuluka. Kwathu ku Kanduku amayi anali atauza kale mudzi wonse kuti mwana wawo ndi wa pa wailesi. Ndinalibe kolowera.

Ndinakonza nthano ya mtsinje wosefukira. Atatuwo ankathawa achifwamba pamodzi ndi mayi wina woyembekezera, ndipo powolokera panali mtengo umodzi woterera. Ndinalengeza kuti wofuna kuwoloka apeze naintini kapena kuposa. Ndinkadzinamiza kuti dayisi ndilo liwaphe, osati ine. Mphunzitsi anaponya, sikisi. Namwino anaponya, leveni. Onse anafa mwanthabwala, akukuwa mokokomeza, situdiyo yonse kuseka.

Kenako inakwana nthawi ya a Zuze. Anayandikira maikolofoni n'kunena kuti, "Malita sawoloka yekha. Amugwira dzanja mayi uja." Anapukuta dayisi pa jekete monga mwa chizolowezi chawo, n'kuponya. Linazungulira m'mbale, n'kuima.

Twente. M'malamulo athu nambala imeneyo inkatanthauza kuti palibe chokanika, ngakhale mtsinje utakwiya bwanji.

Ndinakweza maso. Kuseri kwa galasi a Magombo anali ataimirira, mahedifoni ali m'khosi. Anaona nkhope yanga n'kudziwa. Anadutsitsa chala pakhosi. Getsi lofiira losonyeza kuti anthu akutimva linali loyaka, ndipo pa wailesi sungakhale chete nthawi yaitali. Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana ndi mtima wanga, koma ayi, mantha anafulumira kuposa ine. Ndinamva pakamwa panga pakuti, "Folo."

A Zuze anayang'ana m'mbale, kenako anayang'ana ine. Mphunzitsi ndi namwino nawonso anali ataona, ndipo anangozyolika. Bamboyo akanatha kundiyalutsa pomwepo, boma lonse likumva. Sanatero. Anangonena pa maikolofoni kuti, "Chabwino. Madzi amutenga. Koma mayi uja wamuwolotsa?"

"Wamuwolotsa," ndinayankha. Ndi chokhacho chomwe ndinatha kuwapatsa.

Mafoni anayamba kulira tisanatseke n'komwe. Anthu ankapepesa ngati pamaliro, mayi wina wa ku Thambani analira mpaka kudula foni. A Magombo anandisisita paphewa n'kunena kuti iyi ndiye pologalamu. Ine manyazi anali atandigwira moti ndinkalephera kuyang'ana munthu kumaso. A Zuze anapinda pepala la Malita kanayi, n'kuliika m'thumba la m'kati mwa jekete, n'kutuluka.

Ndinawapeza pa siteji ya matola. "Bambo, pepani," ndinatero. "A Magombo ndiwo anachita kundituma. Loweruka mudzasankhe munthu wina, ndikupatsani khadi labwino."

Anandiyang'ana popanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zomwe zinandipweteka kwambiri. "Malita atamwalira ulendo woyamba uja, mwana wanga, adokotala sanandinamize," anatero. Galimoto inabwera, anakwera kumbuyo.

Sanabwerenso. Ndinapita ku Thambani kawiri. Ankandilandira bwino, kundipatsa kampando pansi pa mtengo pomwe amakonzera njinga, n'kumacheza za mvula ndi kukwera mtengo kwa machubu. Ndikangoyamba za pologalamu ankatenga pampu n'kuyamba kupopa tayala. Kachiwiriko ndinaona kuti wailesi yomwe inkapachikidwa panthambi anaichotsa.

Masewero a makhadi tinayamba, ndipo anthu anazolowera. Kaya azungu aja anasinthadi kaya sanasinthe, sindinafufuzenso, chifukwa ndinkaopa kumva kuti sanasinthe. Ntchitoyi ndikuigwirabe mpaka lero, ndipo pa zonse za mu situdiyo ndinakwanitsa kusintha chinthu chimodzi chokha. Mbale ija ndinaichotsa pansi pa maikolofoni yanga n'kuiika pakati pa tebulo. A Magombo atafunsa chifukwa, ndinati apo m'pomwe imamveka bwino, ndipo sanalimbane nazo. Tsopano woponya dayisi ndi amene amalengeza nambala yake. Ine ndimangomva, ngati wina aliyense.