Munthu wosavuta

Lachisanu lapitali, pa msonkhano wa aphunzitsi pasukulu yathu kuno ku Msakambewa, a hedi atsopano, Mayi Kachingwe, anakana kuyamba ndi nkhani ya ochedwa ndi ojomba. Anati aliyense anene chimene mnzake woyandikana naye amachita bwino, ndipo ntchito za teremu ino tigawane potengera zomwezo.

Poyamba tinachita manyazi, kenako pakamwa panamasuka. A Phiri anawanena kuti akayankhula m'kalasi mawu amakafika kumjigo, choncho anawapatsa asembule ndi zampira. Mayi Banda anapatsidwa makolo obwera atakwiya, poti amawabweza akuseka.

Nthawi yanga itakwana, a Mbewe, amene ndagwira nawo ntchito zaka zambiri, anakanda kumutu.

"A Chisale ndi munthu wosavuta," anatero.

Onse anavomereza. A hedi anafunsa kuti nanga munthu wosavuta timupatse ntchito yanji, koma palibe amene anatchula ntchito ngakhale imodzi.

Sindikuwaimba mlandu anzangawa. Chimwalirireni mayi a kunyumba kwanga, akhala akundipeputsira katundu. Kwaya imene ndinkaphunzitsa anaipereka kwa wina. Ulendo wa ana ukabwera, ankati asiyeni apume. Ndinkathokoza, chifukwa chinali chifundo chenicheni. Koma chifundocho chitatalika, anaiwala zimene manja anga amatha. Inenso ndinayamba kuiwala.

Kodi si mmene timachitira ngakhale kumpingo? Wofedwa timamukhazika pampando wabwino, n'kumulanda khasu. Maliro akatha sitikumbuka kumubwezera. Timaganiza kuti tikumulemekeza, pamene iye akuona kuti zinthu zikuyenda bwinobwino popanda iye.

Mulungu sanasiye munthu wopanda mphatso. Koma mphatso imene anzako sakuitchula imachita dzimbiri, ndipo gulu lonse limaluza osadziwa.

A hedi sanandidumphe. Anadikira, kenako anandifunsa ndekha. Ndinati ndipatseni ana amene akuvutika kuwerenga, ndizitsala nawo ena akaweruka. Ine sindifulumira, ndipo ana otere safuna munthu wofulumira.

"Koma achimwene, simukatopa nazo?" anafunsa a Mbewe, nkhope ili ndi nkhawa.

Ndinawauza kuti chimene chimanditopetsa n'kutsegula chitseko cha kunyumba dzuwa likadali pamutu, osamva wina akufunsa kuti mwaswera bwanji.

A Mbewe anayang'ana pansi. Ana aja ndiyamba nawo Lolemba.

Nanga kuntchito kwanuko, uja mumati ndi wosavuta, munamupempha liti komaliza kuti akuthandizeni?