Magalasi Opanda Masitika

Ndikakumbukira agogo Denis, oyandikana nafe ku Sheffield m'zaka za m'ma 2010, ndimamva fungo la fodya wa m'kaliwo ndi kulira kwa magalasi a m'mashelefu mwawo basi ikamakwera chitunda cha mumsewu wathu. Anali mzungu wopuma pantchito ya kufakitale ya zitsulo, wopanda mkazi, wopanda mwana. Ankasonkhanitsa mbale ndi timitsuko tagalasi topangidwa ku Sweden nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha: zolemera, zabuluu ndi zobiriwira, zina zokhala ndi thovu la mpweya mkati. Loweruka ankazungulira mashopu a zinthu zakale, akutembenuza chilichonse kuti aone kunsi kwake.

Atachitidwa opaleshoni ya chiuno, achipatala anati akasowa wowayang'anira apita kunyumba yosungira okalamba. Kumeneko agogowo ankakuopa kuposa manda. Amayi anga, omwe anali nesi, anadzipereka ndipo anapatsidwa kiyi.

Kwathu wodwala sabwerera m'nyumba yafumbi. Amayi anakolopa, anachapa makatani, kenako anaviika magalasi a pashelefu yapansi m'madzi a sopo. Timasitika takale tachikasu timene tinamatidwa kunsi kwa magalasiwo anatipala ndi mpeni.

Agogo Denis atalowa ndi ndodo zawo, anaima chilili.

"Grace, timapepala tija tili kuti?"

"Tauve tija? Ndataya, bambo. Taonani mmene akuwaliramu."

"Ndi timene timanena fakitale imene inawapanga. Popanda timeneto palibe angakhulupirire."

"Aa, nawonso magalasi amafunsidwa mapepala ngati ife?" anatero amayi.

Agogo sanaseke. Anatambasula dzanja kuti kiyi wawo abwerere. Amayi anamuika patebulo mwaulemu.

"Chabwino. Nanga mawa akusambitsani ndani?"

Nkhalambayo inayang'ana masitepe okwerera kuchipinda, inayang'ana magalasi, n'kukankhira kiyi uja kwa amayi.

"Mashelefu enawo musawayandikire," anatero.

Anakhala m'nyumba yawo mpaka tsiku lawo lomwalira. Pambuyo pa maliro, mphwawo wa ku Salford anabwera ndi wogula zinthu zakale, amene anasankha zonse zokhala ndi masitika. Za pashelefu yapansi anati ndi zapamsika, titha kutenga.

Amayi anagawira anzawo a kutchalitchi, ine n'kutsala ndi kamtsuko kabuluu kamene kali pawindo langa lero. Alendo akafunsa ndimati ndi ka ku Sweden. Umboni ndilibe, ndipo sikogulitsa.