Mtedza wa nkhunda za Saidi

Nkhunda za mwana wanga Saidi sizinathawe chifukwa cha mkazi wake Asiyatu ayi. Zinathawa chifukwa cha pakamwa pangapa.

Chinali chaka chija tinayamba kuvotera zipani zambiri. Saidi ankaweta nkhunda zampikisano. Iye ndi anzake ankapita nazo ku Benga pa njinga n'kukaziulutsa, ndipo zake ndizo zinkayamba kufika kumudzi. Chakudya cha nkhundazo chinali chabwana: mpunga, mapira ndi mtedza wosenda kale. Wodyetsa ndinali ine.

Mtedza wosenda kale, anthuni, kupatsa mbalame? Ndinayamba ndi kulawa chabe. Kenaka ndinkachita kusankha wonse, n'kukazinga ndi kamchere Saidi akapita kunyanja. Mpunga nawo unalowa m'phala. Nkhundazo ndinkaziwazira gaga, izo zikundiyang'ana cham'mbali.

Tsiku lina zonse zinasamukira kwa aneba.

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano. Ndiye Saidi ndi Asiyatu ankakanganadi, uyu chipani chake, uyunso chake. Ankhoswe anabwera, nanenso anandikhazika pamkeka.

"Amayi, inu mumakhala pompano," anatero ankhoswe. "Chathawitsa nkhunda n'chiyani?"

"Phokoso," ndinayankha, maso ali pansi.

Asiyatu analonjeza kuti nsalu ya chipani chake sadzavalanso. Anagwada n'kupepesa kwa mwamuna wake, kenaka anakwawira kwa ine akulira.

"Mundikhululukire amayi, ndakusowetsani mtendere."

Ndinatsokomola pang'ono, n'kumusisita pamutu. Ndinamukhululukira mwanayo ndi mtima wonse.